Malita 300 pa sekondi, koma malita a chiyani? Liwiro la pampu ya vacuum ndi kayezedwe kake

Mukadzaona wokonza mafiriji ali pa ntchito, kaya ndi pa Bolero kaya pa boma pa Rumphi, mudzayang'anitsitse kamakina kamene amalumikiza ku mapaipi a firiji asanathiremo gasi watsopano. Kamakhala ndi mota, chogwirira pamwamba, ndi kagalasi koonera mafuta m'mbali. Imeneyo ndi pampu ya vacuum. Ntchito yake ndi kuchotsa mpweya ndi chinyontho m'mapaipi, chifukwa madzi akatsalira m'menemo amakaundana pa kapaipi kopyapyala kaja n'kutseka njira, firiji n'kusiya kuzizira, nyama ya mwini butchala n'kuola. Pa thupi pa pampuyo pamalembedwa nambala, mwachitsanzo 4 CFM, kutanthauza malita pafupifupi 113 pa mphindi, kapena tingoti malita 2 pa sekondi. Nambala imeneyi ndiyo liwiro la pampu.

Pali mapampu ena oposa amenewa, amene amachotsa mpweya mpaka kutsala gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a mpweya umene unalimo. Ndi amene anachotsa mpweya mu chubu cha makina a X-ray onga a ku Mzuzu Central Hospital chisanamatidwe ku fakitale. Ndi amene amasunga vacuum m'makina othandizira odwala khansa otchedwa linear accelerator, onga a ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Tizipangizo ta mkati mwa foni ya makolo anu tinapangidwa m'zipinda zopopedwa ndi mapampu oterewa, ndipo ngakhale kunyezimira kwa mkati mwa paketi ya ma crisps ndi aluminium amene anapakidwa mu vacuum. Pa mapampu amenewa pamalembedwa malita 300 pa sekondi, ena 2,000. Funso langa lero ndi lakuti: malita a chiyani? Ndipo amene analemba nambalayo anaiyeza bwanji, poti m'menemo mpweya wake ndi wochepa kwambiri moti simungaukole mu chigubu n'kuuwerenga?

Lita ya mpweya si lita ya madzi

Pa mjigo nkhani ndi yosavuta. Mwatenga chigubu cha malita 20, mwapopa, chadzaza mu masekondi 80. Ndiye kuti mjigo ukutulutsa kota ya lita pa sekondi, basi. Madzi safinyika. Lita ya madzi ku Chitimba m'mphepete mwa nyanja ndi lita yomweyo pamwamba pa Nyika.

Mpweya ndi wina. Kunyanja yamchere pressure ya mpweya ndi 101,325 Pa, imene anthu a vacuum amakonda kuitchula kuti 1,013 mbar. Kuno ku chigwa cha Nkhamanga tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,100, ndipo pressure yathu ili cha m'ma 890 mbar. Ku Chelinda, mamita pafupifupi 2,300, yatsika kufika cha m'ma 770 mbar, n'chifukwa chake madzi kumeneko amawira pa madigiri 92 ndipo nyemba zimachedwa kupsa. Botolo la lita imodzi limene mwatsegula ku Chelinda lili ndi ma molecule ochepa kuyerekeza ndi botolo lomwelo pa Bolero. Malita ndi ofanana, katundu wa mkati ndi wosiyana.

A Fomu 3 mukukumbukira lamulo la Boyle, limene Robert Boyle analifalitsa mu 1662 atagwiritsa ntchito pampu imene anamupangira Robert Hooke: kutentha kukakhala kosasintha, pressure kuchulukitsa ndi volume sizisintha. Tanthauzo lake lenileni ndi lakuti p × V ndi njira yowerengera kuchuluka kwa ma molecule. Ndiye ngati tikufuna kudziwa mpweya umene ukudutsa pa malo ena pa sekondi iliyonse, sitiwerenga malita okha. Timachulukitsa malitawo ndi pressure yake. Chimene tapezacho chimatchedwa throughput, chizindikiro chake Q, ndipo timachiyeza mu mbar·L/s kapena Pa·m³/s.

Liwiro la pampu, S, ndi volume ya mpweya umene ukulowa pakamwa pa pampu pa sekondi iliyonse, poyezera pa pressure imene ili pakamwa pomwepo. Mawu omaliza amenewa ndiwo mutu wa nkhani yonse. Mwa masamu:

S = Q ÷ p

Tengani pampu ya malita 300 pa sekondi. Pakamwa pake pakakhala 0.001 mbar, Q ndi 0.3 mbar·L/s. Pressure ikatsika kufika 0.000001 mbar, imene timalemba 10⁻⁶ mbar, pampu ikumezabe malita 300 omwewo pa sekondi, koma Q yatsika ka 1,000. Zili ngati mayi amene akuola chimanga ndi lichero lomwelo, kangapo komweko pa mphindi, koma pa mkeka chimanga chikunka chitha. Lichero silinachepe, dzanja silinafooke. Chimene chikubwera m'licheromo ndicho chachepa. S ndi kukula kwa lichero ndi changu cha dzanja. Q ndi chimanga chimene chalowadi m'thumba.

Theka, theka la theka, osafika pa ziro

Tiyerekeze kuti tili ndi thanki yachitsulo ya malita 20. Ndanena yachitsulo dala, chifukwa chigubu cha pulasitiki chikhoza kuphwanyika nthawi yomweyo: kuno kwathu mpweya umakankha sikweya mita iliyonse ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa matumba pafupifupi 180 a chimanga a makilogalamu 50. Talumikiza pampu ya wokonza mafiriji uja, malita 2 pa sekondi. Wina anganene kuti 20 kugawa ndi 2, masekondi 10 thanki yauma. Ayi ndithu. Pampu ikachotsa malita 2, mpweya wotsala umamwazika n'kudzazanso thanki yonse, kungoti wapyapyala. Malita 2 otsatira amakhala ndi ma molecule ochepa kuposa oyamba aja.

Chimene chimachitika n'chakuti pressure imatsika ndi theka pa nthawi yofanana nthawi zonse, monga half-life imene mumaphunzira pa radioactivity. Nthawiyo ndi 0.693 × V ÷ S. Kwa thanki yathu, 0.693 × 20 ÷ 2, pafupifupi masekondi 7. Poyamba 890 mbar, pakatha masekondi 7 ili pa 445, pakatha 14 ili pa 222, choncho choncho. Mukadula theka ka 10 mwagawa ndi 1,024, ndiye pakatha masekondi 70 tili pansi pa 1 mbar. Wokonza mafiriji waluso amafuna kufika pa ma micron 500, amene ndi 0.67 mbar. Koma mukamufunsa adzakuuzani kuti amaisiya pampu ikulira kwa mphindi zambiri, osati imodzi. Chifukwa china ndi madzi: pa madigiri 20 madzi amayamba kuwira pressure ikatsika kufika 23 mbar, ndiye chinyontho chonse chiyenera kusanduka nthunzi kaye kuti chituluke. Chifukwa china ndi mapaipi ake opyapyala aja, ndipo nkhani imeneyo tiipeza kutsogoloku.

Njira yoyamba yoyezera liwiro la pampu yabadwira pomwepa. Tengani thanki imene mukudziwa volume yake, yang'anani geji, gwirani wotchi, muone nthawi imene pressure ikutenga kuti itsike ndi theka, kenako tembenuzani fomula ija kuti mupeze S. Kwa mapampu wamba imagwira bwino ndithu. Pa high vacuum, kuyambira 10⁻³ mbar kutsika mpaka 10⁻⁷ mbar, imayamba kunama, chifukwa kumeneko makoma a thanki enieniwo amasanduka gwero la mpweya. Chitsulo chilichonse chimene chakhalapo pa mpweya chimakhala ndi madzi omatirira pamwamba pake, osaoneka ndi maso, ndipo amachoka pang'onopang'ono kwa maola ngakhale masiku. Chala chimodzi chokhudza mkati mwa thanki chimasiya mafuta amene amatulutsa nthunzi kwa nthawi yaitali. Ndiye pressure imatsika mpaka pamene mpweya wochokera m'makoma ukufanana ndi umene pampu ikuchotsa, n'kuima pomwepo. Fomula yathu yomwe ija ikutiuza malo oimira: p = Q ÷ S. Makoma akamatulutsa 3 × 10⁻⁵ mbar·L/s ndipo pampu ndi ya malita 300 pa sekondi, simudutsa 10⁻⁷ mbar ngakhale mutadikira mpaka Khirisimasi. N'chifukwa chake ofuna vacuum yozama amawotcha thanki yonse pa madigiri 150 kapena kuposa uku pampu ikugwira ntchito, kuti madzi aja achoke msanga.

Pampu siyamwa

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa maganizo athu a tsiku ndi tsiku amatisocheretsa. Timati pampu ikuyamwa mpweya, ngati mmene timayamwira thobwa la m'botolo ndi kapaipi. Kunena zoona palibe chimene chimakoka. Inu mumangochepetsa pressure m'kamwa, mpweya wa kunja ndi umene umakankha thobwalo kuti likwere. Evangelista Torricelli anazindikira zimenezi mu 1643, ndipo n'chifukwa chake pampu yopondaponda ya kudimba singakweze madzi kuchokera pa chitsime chakuya: malire ake ndi mamita 10.3 kunyanja yamchere, mamita 9 okha kuno kwathu, ndipo pa ntchito yeniyeni amachepera pamenepo.

Pa pressure ya masiku onse, mu sentimita imodzi ya kyubu muli ma molecule pafupifupi 2.5 × 10¹⁹. Ndi othithikana moti molecule imodzi imangoyenda mtunda wa ma nanometre pafupifupi 70 n'kugundana ndi inzake. Mukatsegula njira mbali imodzi, onse amakankhana kulowera komweko, ngati ng'ombe potuluka m'khola m'mawa: ya kumbuyo ikukankha ya kutsogolo, ndipo ngakhale imene sinaone chipata imapezeka yatuluka.

Tsopano tsitsani pressure kufika 10⁻⁶ mbar. Mu sentimita ya kyubu mwatsala ma molecule 25 biliyoni. Akumveka ambiri eti? Koma ndi ang'ono kwambiri moti molecule imodzi iyenera kuyenda mamita pafupifupi 66, kukula kwa bwalo la mpira m'mimba mwake, isanakumane ndi inzake. Pa 10⁻⁹ mbar mtundawo ndi makilomita 66, ngati kuchoka pa Rumphi kukafika ku Mzuzu osakumana ndi munthu pa msewu. Thanki yathu ndi ya masentimita ochepa chabe. Ndiye ma molecule sakugundananso okhaokha. Akungogunda makoma, kumatirira kanthawi, n'kunyamuka kulowera kulikonse. Palibe wokankha mnzake. Salinso ng'ombe za m'khola, ali ngati ntchentche zisanu m'kalasi yopanda anthu, zenera limodzi lili lotsegula. Zeneralo siliitana ntchentche. Imene yatuluka yangopezeka kuti njira yake inaloza pa zenera. Kayendedwe kotere kamatchedwa molecular flow, ndipo Martin Knudsen wa ku Denmark anakafotokoza mwa masamu mu 1909.

Choncho pampu ya high vacuum ndi msampha chabe. Imadikira molecule ifike yokha pakamwa pake, kenako imayesetsa kuti isabwererenso. Diffusion pump, imene Wolfgang Gaede anapanga ku Germany mu 1915 ndipo Irving Langmuir anaikonzanso ku America mu 1916, imagwiritsa ntchito nthunzi yothamanga kwambiri, kale ya mercury, masiku ano ya mafuta apadera, imene imamenya ma molecule kuwalozetsa pansi. Turbomolecular pump, imene Willi Becker anatulukira mu 1958 ku kampani ya Pfeiffer, ili ndi mapiko opendekeka osanjikizana ngati mafani ambiri pa mtengo umodzi. Ina imazungulira ka 60,000 pa mphindi, kutanthauza ka 1,000 pa sekondi. Ngati mapikowo ndi a masentimita 10 m'mimba mwake, nsonga zake zikuthamanga mamita 314 pa sekondi. Liwiro lotere si lodzionetsera. Ma molecule a mpweya pa madigiri 20 amathamanga mamita pafupifupi 463 pa sekondi, ndiye phiko loyenda pang'onopang'ono silingawamenye n'komwe. Mapampu awiri onsewa sangathe kulavulira mpweya kunja okha. Kumbuyo kwawo kumakhala pampu wamba, ya mtundu wa wokonza mafiriji uja, yolandira zimene asonkhanitsa.

Poti pampu imangodikira, liwiro lake lili ndi denga limene palibe injiniya angalidutse. Masamu a kinetic theory amasonyeza kuti volume ya mpweya wofika pa bowo pa sekondi ndi kota ya liwiro la ma molecule kuchulukitsa ndi kukula kwa bowolo. Kota ya 463 ndi mamita pafupifupi 116 pa sekondi, zimene zikutipatsa malita 11.6 pa sekondi pa sikweya sentimita iliyonse. Sungani nambala imeneyi. Pampu ya kamwa la masentimita 10 m'mimba mwake ili ndi masikweya sentimita 78.5, ndiye ngakhale itagwira molecule iliyonse yofika, singapose malita 911 pa sekondi. Mapampu enieni a kamwa lotere amafika cha m'ma 250 mpaka 300, chifukwa ma molecule ambiri amagunda phiko n'kubwerera. Wina akadzakuuzani kuti ali ndi pampu ya kamwa la masentimita 10 yochotsa malita 2,000 a mpweya wamba pa sekondi, simufunika kuiona kuti mudziwe kuti akunama. Ine mbali imeneyi ya physics imandisangalatsa kwambiri: pensulo ndi pepala basi, mwagwira wabodza.

Onaninso kuti palibe geji imene yalowa m'masamu amenewa, ndipo pressure sinatchulidwe. N'chifukwa chake pa high vacuum liwiro la pampu limakhala pafupifupi losasintha ngakhale pressure itsike ka 1,000. Koma mtundu wa gasi uli ndi kanthu. Hydrogen ndi wopepuka, amathamanga mamita oposa 1,700 pa sekondi, amafika pakamwa msanga komanso amazemba mapiko mosavuta n'kubwerera. Ndiye nambala ya liwiro yopanda dzina la gasi ndi yosakwanira. Opanga mapampu nthawi zambiri amalemba ya nitrogen.

Paipi imadya liwiro

Nayi nkhani imene imawonongetsa ndalama. Pampu siikidwa mkati mwa thanki; pakati pake pamakhala paipi. Pa molecular flow, molecule yolowa m'paipi imagunda khoma n'kunyamuka kulowera kulikonse, kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo ambiri amabwerera kumene achokera. Kuthekera kwa paipi kudutsitsa mpweya kumatchedwa conductance, C, ndipo nakonso timakuyeza mu malita pa sekondi. Kwa paipi yaitali, mpweya wamba pa madigiri 20, C ndi pafupifupi 12.1 × d³ ÷ L, pamene d ndi kukula kwa m'mimba mwake ndipo L ndi kutalika, zonse mu masentimita. Liwiro limene thanki ikulimva, tilitche S₁, timalipeza motere:

1/S₁ = 1/S + 1/C

Ikufanana ndi fomula ya ma resistor a mu parallel, ndipo khalidwe lake ndi lomwelo: yankho limakhala laling'ono kuposa nambala yaing'ono mwa ziwirizo. Lumikizani pampu ya malita 300 pa sekondi ndi paipi ya mita imodzi, masentimita 2.5 m'mimba mwake. C ndi 12.1 × 15.6 ÷ 100, pafupifupi 1.9. Liwiro lofika ku thanki ndi 1.88. Mwagula pampu ya 300, mukugwiritsa ntchito yosakwana 2! Kulitsani paipi kawiri, masentimita 5: chifukwa cha d³ ija C yakwera ka 8 kufika cha m'ma 15, ndipo S₁ ndi 14.3. Nanga mutasiya paipi ya masentimita 5 yomweyo n'kugula chipampu cha malita 1,000? S₁ ikhala 14.8. Ndalama zonse zija mwagula theka la lita. Madzi a South Rukuru kaya achuluke bwanji kumtunda, onse ayenera kudutsa pa mpata wa Njakwa. N'chifukwa chake pa zithunzi za ma labotale mumaona pampu itamangidwa pa thanki penipeni ndi chikamwa chachikulu, popanda paipi. Ku CERN, kumene Large Hadron Collider ili ndi mapaipi ozungulira makilomita 27, sakanatha kudalira pampu ya kumapeto; mbali zina makoma a paipi ndi ozizira kwambiri moti mpweya umaundana pomwepo, mbali zina anapakidwa zitsulo zogwira ma molecule, ndiye paipi yeniyeniyo ndiyo pampu.

Kuyeza kwenikweni

Tabwerera ku S = Q ÷ p. Kuti tipeze S tiyenera kulowetsa mpweya umene tikuudziwa kuchuluka kwake, kudikira mpaka geji itakhazikika, n'kuwerenga p. Pamene geji yaima, mpweya wolowa ukufanana ndi wochotsedwa.

Vuto loyamba: p ya pati? Pafupi ndi kamwa la pampu ma molecule opita ku pampu ndi ambiri kuposa obwerera, ndiye geji yoyang'ana kumene mpweya ukuchokera imawerenga nambala yaikulu, yoyang'ana ku pampu imawerenga yaing'ono. Munthu wofuna kuti pampu yake ioneke yamphamvu akhoza kungotembenuza geji, p n'kuchepa, S n'kukwera, osanama nambala ngakhale imodzi. Zili ngati wogula fodya kapena soya amene sikelo yake ndi yabwinobwino koma waiika pa malo opendekeka. Pofuna kuthetsa mkangano wotere anthu anagwirizana za chipewa chachitsulo chotchedwa test dome, chimene chimavekedwa pakamwa pa pampu. Kukula kwa m'mimba mwake kumafanana ndi kamwa la pampu. Kapaipi kolowetsa mpweya kamapindidwa kuloza kumwamba, kutali ndi pampu, kuti ma molecule ayambe agunda denga n'kumwazika. Geji imaikidwa m'mbali, pa mtunda wa theka la m'mimba mwa dome kuchokera pakamwa, itayang'ana chopingasa. Malamulo amenewa analembedwa mu muyezo wa dziko lonse wotchedwa ISO 21360, umene umafotokoza njira zitatu: ya thanki ndi wotchi ija, ndi ziwiri zimene zikubwerazi. Kuno kwathu ntchito yoona kuti miyezo ndi masikelo n'zachilungamo ili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards. Ganizo lake ndi limodzimodzi.

Njira yachiwiri ndi yoyeza Q mwachindunji. Masiku ano pali mamita a magetsi ochita zimenezi, koma njira yakale ndi yokoma chifukwa zipangizo zake mumazidziwa. Tengani burette, muizondotse, kukamwa kwake kumire m'mafuta opepuka. Kumwamba kwake kulumikizidwe ku dome kudzera pa valavu yotseguka pang'ono zedi. Mpweya wa mu burette ukamapita ku pampu, mafuta amakwera, ndipo inu mukuwerenga ndi wotchi. Tinene kuti masentimita a kyubu 3 apita mu masekondi 300. Ndiye kuti 0.00001 ya lita pa sekondi. Mpweya umenewu unali pa pressure ya m'chipinda, 890 mbar, choncho Q = 890 × 0.00001 = 0.0089 mbar·L/s. Geji ya pa dome ikuwerenga 3 × 10⁻⁵ mbar. S = 0.0089 ÷ 0.00003, pafupifupi malita 297 pa sekondi. Taonani zodabwitsa: kadontho ka mpweya kosakwana supuni, kotenga mphindi 5 kuti kathe, mkati mwa dome kakufutukuka kukhala malita 297 sekondi iliyonse.

Tsopano wophunzira waulesi, amene sanayang'ane barometer koma wangotenga 1,013 ya m'buku, apeza chiyani? Q yake ikhala 0.01013, S yake 338. Walakwitsa ndi 14 pa 100 iliyonse, chifukwa choiwala kuti Nkhamanga sili m'mphepete mwa nyanja yamchere. Woyeza wosamala amachotseranso kulemera kwa mafuta amene akwera mu burette, amalemba kutentha kwa chipinda, ndiponso amachotsa pa p ija pressure imene dome inali nayo valavu isanatsegulidwe, poti imeneyo ndi ya m'makoma, si ya mpweya wathu.

Pressure ikatsika kwambiri, Q imachepa moti mafuta mu burette angatenge tsiku lonse kuti asunthe. Apa mpamene pamabwera njira yachitatu, imene kwa ine ndi yochenjera kuposa zonse. Dome imagawidwa zipinda ziwiri ndi chitsulo chopyapyala chokhala ndi kabowo pakati. Mpweya umalowa m'chipinda cha pamwamba, kudutsa pa kabowo, kufika m'chipinda cha pansi kumene kuli pampu. Conductance ya kabowo sitichita kuyeza ndi mpweya. Timangoyeza kukula kwake n'kuchulukitsa ndi 11.6 ija. Mpweya wodutsa pa kabowo ndi C × (p₁ − p₂), ndipo womwewo ndi umene pampu ikumeza, S × p₂. Mukafananitsa ziwirizi:

S = C × (p₁/p₂ − 1)

Kabowo ka sikweya sentimita imodzi, C = 11.6. Geji ya pamwamba ikuti 2.7 × 10⁻⁶ mbar, ya pansi ikuti 1.0 × 10⁻⁷ mbar. Kugawa kukupereka 27, kuchotsa 1 kutsala 26, kuchulukitsa ndi 11.6 tapeza malita 302 pa sekondi. Ubwino wake mwauona? Mu fomulayi mwangolowa p₁ kugawa ndi p₂. Mageji onse awiri atakhala kuti akuwonjezera ndi 20 pa 100 mofanana, kulakwako kumadyana pogawa, yankho osasintha.

Zimenezi n'zofunika chifukwa mageji a high vacuum si olondola monga mmene mungaganizire. Pa 10⁻⁷ mbar palibe mphamvu yokwanira kukankha singano kapena kukweza mercury. Geji yotchuka ya Bayard ndi Alpert, ya mu 1950, imachita kuwerenga ma molecule mozungulira: kawaya kotentha kamatulutsa ma electron, ma electron amagunda ma molecule n'kuwasandutsa ma ion, ma ion amagwera pa kawaya kena kopyapyala, ndipo ka current kochepetsetsa kameneko ndiko kamasandulizidwa kukhala nambala ya pressure. Koma magasi sagundika mofanana. Geji yokonzedwera nitrogen ikakumana ndi helium imaonetsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 kapena 6 a pressure yeniyeni. Woyeza liwiro la helium ndi njira ya burette akaiwala zimenezi, p yake ichepa kasanu, ndipo pampu ya malita 300 ioneka ngati ya 1,500. Kawaya kotentha kajanso kamatulutsa mpweya wakewake kakangoyatsidwa, ndiye woyeza amayenera kudikira geji ikhazikike. Kusiyana kwa 10 pa 100 pakati pa ma labotale awiri oyeza pampu imodzi si chinthu chodabwitsa.

A Fomu 4, nayi ntchito yoti muyese musanafike Lolemba. Pampu ili ndi kamwa la masentimita 16 m'mimba mwake. Pezani denga la liwiro lake pa mpweya wamba. Poiyeza ndi dome ya zipinda ziwiri, kabowo ka masikweya sentimita 2, geji ya pamwamba yawerenga 6.2 × 10⁻⁶ mbar, ya pansi 2.0 × 10⁻⁷ mbar. Pezani S, ndipo munene kuti mwa ma molecule 100 ofika pakamwa, ndi angati amene sakubwerera. Pomaliza ilumikizeni ku thanki ndi paipi ya masentimita 4 m'mimba mwake, yaitali masentimita 80, muone malita amene atsala. Musaiwale kulemba ma unit pa sitepe iliyonse. A MANEB amadula malikisi pamenepo.